Kuwerengera Msika: Phunziro la ku Masiphumelele kwa Alangizi a Zaulimi

Kum'mwera kwa mzinda wa Cape Town, pakati pa Fish Hoek ndi Kommetjie, kuli dera lotchedwa Masiphumelele, dzina lomwe m'Chixhosa litanthauza kuti "tipambane". Kale ankalitcha Site 5. M'derali muli Amalawi ambiri omwe adapita kukafuna ntchito, ndipo m'mbali mwa misewu yake anthu amagulitsa tomato, anyezi, kabichi ndi mbatata.

Pafupi ndi derali pali masitolo a makampani akuluakulu. Kampani ya Pick n Pay idayambitsa khadi la Smart Shopper m'chaka cha 2011, ndipo masitolo a Checkers, omwe ali pansi pa Shoprite, adayambitsa khadi la Xtra Savings mu 2019. Wogula akasonyeza khadi lake polipira, kompyuta imalemba chimene wagula, tsiku ndi sitolo yake. Ziwerengero zotere zikaunjikana, akatswiri amadziwa katundu amene amatha msanga pa malipiro, ndiwo zimene zimavunda zisanagulidwe, ndiponso mlingo woyenera kuitanitsa kwa alimi sabata yotsatira. Mlimi wogulitsa ku masitolo otere amauzidwa kuchuluka, kukula ndi tsiku lofikitsira mbewu yake.

Mayi wogulitsa pamseu alibe kompyuta, koma funso lake ndi lomwelo. Akapikula tomato wochuluka pakati pa mwezi, pamene anthu alibe ndalama, amaola ndipo mpamba umatha. Amene amalemba m'kope mtengo wopikulira, zogulitsa ndi zotaya pa tsiku, amachita mwaung'ono ntchito yomwe makampani amalembera akatswiri.

Kwathu kuno ntchito yotolera mitengo si yachilendo. Ku Mozambique, bungwe la SIMA lakhala likutolera mitengo ya mbewu m'misika kuyambira 1991. Ku Malawi, Agricultural Commodity Exchange for Africa idakhazikitsidwa mu 2004. M'chaka chomwecho FEWS NET ndi WFP adayamba kuwerengera chimanga, mpunga ndi nyemba zowoloka malire popanda kulembedwa, monga pa Muloza ndi Milange. Kalembera ameneyu adaonetsa poyera kuti chimanga cha kumpoto kwa Mozambique chimadyetsa mabanja ambiri m'chigawo cha kum'mwera kwa Malawi.

Apa pali chenjezo. Ziwerengero zimangonena za amene walembedwa. Khadi la sitolo silidziwa wogula pamseu, monganso mabuku a kasitomu sankadziwa matumba odutsa panjinga. Pokonza ndondomeko za ulimi, anthu osalembedwawa amaiwalika msanga.

Tsono alangizi anzathu a ku Chipata, Angónia, Lichinga ndi Dedza, tisamathere pa mbewu ndi feteleza pokha. Kalabu iliyonse ya alimi ikhale ndi kope la mitengo ya pamsika wapafupi, lolembedwa sabata iliyonse, pa muyeso umodzi wa kilogalamu osati ndowa kapena mulu. Alembemonso zokolola, zowonongeka ndi mtengo wa mayendedwe. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, kopelo lidzasonyeza miyezi imene msika umadzaza ndi imene umasowa katundu, ndipo kalabu idzadziwa nthawi yofesa nazale ya tomato wa kudimba ndi nthawi yotsegula nkhokwe. Mlimi wodziwa mtengo wa ku tawuni sakhalanso chete vendala akafika ndi sikelo yake.