Nkaya, Mphambano ya Njanji za Dziko Lathu

Lero tikambe za malo ena aang'ono otchedwa Nkaya, m'boma la Balaka. Ambiri a inu simunapondeko, ndipo wina angafunse kuti, nanga ife a kuno kutsinde kwa Michesi, kumene sitima siidutsa, za njanji zitikhudza bwanji? Tamverani, pakuti mtengo wa thumba la feteleza limene mugula pa Migowi, ndi wa nandolo amene mugulitsa, umapangika ndi njira imene katunduyo ayenda.

Njanji yoyamba m'dziko muno inachokera ku Port Herald, kumene lero titi Nsanje, nidzera pa Chiromo ndi pa Luchenza, nifika ku Blantyre m'chaka cha 1908. Kale lonse katundu ankakwera phiri pamitu ya amtengatenga. Luchenza ndiye anali siteshoni yathu ya pafupi: tiyi wa ku Mulanje ndi zokolola za m'chigwa chino zinkakwerera pamenepo kunka kunyanja yamchere. M'chaka cha 1935 anatsegula ulalo waukulu wa Dona Ana pa Zambezi, kotero sitima inayamba kufika ku Beira osatsitsa katundu pamtsinje. Chaka chomwecho njanji inatalikitsidwa kuchokera ku Blantyre kunka ku Salima, ndipo inapyola m'dziko la mfumu Nkaya, pakati pa Utale ndi Balaka. Masiku amenewo panalibe mphambano, njanji inali imodzi yokha.

Zinthu zinasintha m'chaka cha 1970. Boma la Dr. Banda linaona kuti si bwino dziko lopanda doko kudalira khomo limodzi. Ndi ndalama zokongola ku South Africa linamanga njanji yatsopano ya makilomita pafupifupi 100, yoyambira pa Nkaya, kuwoloka Shire pa Liwonde, kudzera kumpoto kwa nyanja ya Chilwa, mpaka pa Nayuchi m'malire. Kumeneko inalumikizana ndi njanji ya ku Mozambique yopita ku Cuamba ndi ku Nacala, doko la madzi akuya kumene zombo zazikulu zimakocheza bwino. Kuyambira pamenepo sitima yochokera ku Limbe ikafika pa Nkaya imasankha: kumpoto nkwa Salima, ndipo kuyambira 1979 nkwa Lilongwe, kum'mawa nkwa Nacala.

Koma makomo awiriwo anali m'nyumba ya mnansi mmodzi. Akulu amene muli kumva mukumbukira nkhondo ya ku Mozambique, muja abale athu othawa anadzaza midzi ya ku Mulanje ndi kuno. Pofika 1984 njira zonse ziwiri, ya Beira ndi ya Nacala, zinali zitatsekeka. Feteleza, mafuta ndi mchere zinayamba kubwera pa malole kuchokera ku Durban, ulendo wa makilomita oposa 3,000, pamene Nacala ali pa mtunda wosakwana 1,000. Amene analipira mtunda umenewo si mwini lole ai, ndi mlimi: pogula anaonjeza ndalama, pogulitsa fodya analandira zochepa. Asilikali athu anapita kukalonda njanji ya Nacala, ndipo ena anafera komweko. Njira ya Beira inaonanso tsoka lina m'chaka cha 1997, pamene madzi anakokolola njanji pa Chiromo. Luchenza anasanduka siteshoni ya panjira yosatulukira kunja, ndipo sitima zonse za kunyanja zinayenera kudzera pa Nkaya.

Njanji yachinayi inadza chifukwa cha malasha a ku Moatize, m'chigawo cha Tete. Kampani ya Vale ya ku Brazil inaona kuti njira yachidule yofikira ku Nacala ndiyo yodula pakati pa Malawi. Inamanga makilomita 136 kuchokera pa Kachaso m'malire a ku Chikwawa, kudzera ku Mwanza ndi Neno, kudzalowa pa Nkaya, ndipo inakonzanso njanji yakale ya ku Nayuchi. Njira yonseyo, ya makilomita 912, anaitsegula mwamwambo m'chaka cha 2017, ndipo mu 2022 Vale inaigulitsa kwa kampani ya Vulcan. Sitima imodzi ya malasha imakoka mabogi oposa 100. Munthu ukaima pambali kuiwerenga, khosi limayamba kuwawa isanathe.

Tsono mungayese kuti malo okomana njanji zinayi ndi mzinda waukulu. Iai. Pa Nkaya pali siteshoni, nyumba za antchito a njanji, timasitolo ndi kamsika, ndipo pozungulira ndi midzi ya alimi a thonje ndi chimanga. Pa kalembera wa 2018 tauni ya Balaka inali ndi anthu oposa 36,000, ndipo Luchenza, amene sitima zake zinachepa kalekale, anali ndi oposa 12,000. Nkaya sanafike pa matauni amenewa. Chifukwa chake nchakuti tauni imakula pamene katundu atsika ndi kukwera, pamene msewu waukulu ukomana ndi njanji. Msewu wa tala unadzera ku Balaka ndi ku Liwonde. Wa ku Muloza unadzera pa Luchenza. Pa Nkaya katundu angopatuka, ndipo malasha sasiya kanthu koma fumbi. Kunena zoona, Phalombe ndi Balaka ndi anzake a chaka chimodzi: onse anakhala maboma paokha mu 1998, wina kuchoka ku Mulanje, wina ku Machinga, ndipo onse akali kufuna misewu yabwino yofika m'midzi.

Nandolo wanu akachoka pa Chiringa kapena pa Migowi amapita pa lole ku Limbe ndi ku Blantyre, kumene amamsankha ndi kumlongedza. Wambiri amadyedwa ku India. Wina amanka ku Beira pa msewu, wina amakwera sitima, nadutsa pa Nkaya, napatukira kum'mawa. Feteleza wotsika pa Nacala amabwera njira yomweyo chobwerera. Bogi imodzi imanyamula zoposa lole yaikulu, ndipo mutu umodzi umakoka mabogi ambiri, ncho chifukwa chake mtolo wa pa njanji umatsika mtengo. Mafumu, mukamva pa wailesi kuti ulalo wa njanji waduka ndi madzi pakati pa Limbe ndi Nkaya, kapena kuti sitima zaima ku Nayuchi, uzani anthu anu a m'makalabu asachedwe kugula feteleza wa chaka chimenecho, mvula isanagwe.