Ulendo wa pa Phiri la Cairn Gorm m'Nyengo ya Cisanu

Ife a kuno kwathu cisanu timacidziwa m'miyezi ya Juni ndi Julaye, pamene mwera uomba, milomo ing'ambika, ndipo ana apita ku sukulu manja ali m'khwapa. Koma dzuwa likangokwera pang'ono, agogo aturutsa mphasa nayamba kuothera pa khonde. Kuli maiko ena kumene cisanu cimapha munthu wamphamvu, wokhuta ndi wobvala bwino, asanathe masiku awiri ali panja. Mwezi uno tifuna kukamba za mapiri a ku Scotland ndi za anthu amene amakonda kuyendamo m'nyengo yozizira. Tatero cifukwa mabanja ambiri pakati pathu ali ndi ana ndi adzukulu ku Britain, ena pa nchito ya unamwino, ena pa maphunziro, ndipo anzao a kumeneko amawaitana kuti akakwere nao mapiri.

Phiri losatalika, koma loopsa

Tiyambe ndi cinthu cimene cinatidabwitsa. Phiri la Cairn Gorm lili pa mamita 1,245 kucokera pa nyanja yamcere. Mzinda wathu wa Lusaka uli pa mamita pafupifupi 1,280. Ndiye kuti mai amene agulitsa tomato pa msika mu Lusaka waima pamwamba pang'ono kuposa munthu amene wafika pa nsonga ya Cairn Gorm. Ngakhale Ben Nevis, phiri lalitali koposa onse a ku Britain, lili pa mamita 1,345 cabe.

Nanga kuopsa kwake kucokera kuti? Poyamba, dziko la Scotland lili kutali kumpoto, pa madigiri 57, pamene ife tili pafupi ndi pakati pa dziko lapansi. M'mwezi wa Disembala tsiku la kumeneko silikwana maola 7, ndipo kumapeto kwa Novembala dzuwa limalowa nthawi isanakwane 4 koloko masana. Caciwiri, munthu akamakwera, mpweya umazizira ndi madigiri ngati 6 pa mamita 1,000 alionse, kotero mvula ya m'cigwa imakhala cipale pamwamba. Cipale ndi madzi oundana ogwa kumwamba, oyera ndi ofewa ngati ufa wosefa, osiyana ndi matalala athu amene ali olimba. Cacitatu ndi mphepo. Pamwamba pa mapiri a Cairngorms pali cidikha cacikulu ca miyala, copanda mtengo ngakhale umodzi woti nkubisalapo. Pa 20 Marichi 1986 makina oyesera nyengo a pa nsonga ya Cairn Gorm analemba mphepo yothamanga makilomita 278 pa ola. Mphepo yocepa kwambiri kuposa imeneyo imakwanira kugwetsa munthu wamkulu.

Komabe anthu amapitako, ndipo si amisala. Mu 1891 Sir Hugh Munro analemba mndandanda wa mapiri a ku Scotland opitirira mafiti 3,000, amene ndi mamita 914. Lero mapiri otere amawerengedwa 282, ndipo alipo anthu amene amatha zaka zambiri akuwakwera limodzi limodzi kufikira atawamaliza onse. Amati tsiku lowala la m'nyengo ya cipale lili ndi kukongola ndi bata losapezeka kwina. Ife sitiwatsutsa. Tingofuna kuti aliyense adziwe mtengo wake.

Loweruka la pa 20 Novembala 1971

Ana a sukulu 14 a mumzinda wa Edinburgh, a zaka ngati 15, anapita ku mapiri amenewa kukaphunzira kuyenda m'nyengo yozizira. Anawatsogolera mphunzitsi wa zaka 23, pamodzi ndi mtsikana amene anali kuphunzira uphunzitsi wa masewera, ndi mtsikana wina wa zaka 18 amene anali kungoyamba kumene kuphunzira nchitoyo. Loweruka m'mawa, dzuwa litakwera kale, ananyamuka pa Cairn Gorm kulinga ku phiri la Ben Macdui, lotalika mamita 1,309. Anapangana kuti akadutsa cidikha adzatsikira kutsidya nakagona m'kanyumba ka alendo kochedwa Corrour. Anapangananso kuti nyengo ikaipa adzathawira m'kacisakasa kacitsulo kochedwa Curran, kamene kanamangidwa pamwamba pa cidikha pomwepo, pafupi ndi kadziwe ka Lochan Buidhe.

Anagawana magulu awiri. Mphunzitsi uja anatsogola ndi ana 8 amphamvu, ndipo atsikana awiri aja anatsatira ndi ana 6 osazolowera. Masana nyengo inasandulika. Mphepo inayamba kunyamula cipale ca pansi nkucisakaniza ndi cogwa kumwamba, mwakuti thambo ndi nthaka zinakhala cinthu cimodzi coyera. Zikatero munthu saona pamene aponda, sadziwa ngati akwera kapena atsika, ndipo akhoza kuyenda mozungulira iye akuyesa kuti alunjika.

Gulu loyamba linapeza kacisakasa kaja nkugonamo. Gulu laciwiri linacedwa, cifukwa miyendo ya ana inali kumira m'cipale. Mtsogoleri wao anayembekeza kutsata kamtsinje ka Feith Buidhe kuti kawafikitse pa dziwe, koma kamtsinjeko kanali katakwiririka. Mdima utayandikira, ana atatopa, iye anaganiza zoti agone pomwepo. Anali mamita mazana angapo cabe kucokera pa kacisakasa, koma sakanatha kukaona. Tsoka lake, malo amene anaimawo anali m'khwawa mmene mphepo imatayamo cipale conse cimene yasesa pa cidikha. Analowa m'matumba ao ogonamo, ndipo cipale cinayamba kuwakwirira. Usiku wonse mtsogoleriyo anali kufukula ana mmodzi mmodzi.

Lamulungu mphepo sinaleke. Gulu loyamba linatsika ndi mabvuto akulu, ndipo madzulo ndi pamene anthu anazindikira kuti anzao sanafike kulikonse. Ofunafuna ananyamuka usiku womwewo. Lolemba m'mawa, pa 22 Novembala, ndege ya helikopita ya asilikali yocokera ku Leuchars inaona munthu akukwawa pa cipale. Anali mtsogoleri uja, amene anasiya ana kuti akafune cithandizo, manja ake ataundana. Mau ocepa amene anatha kulankhula anathandiza opulumutsa kupeza malowo. Pofukula anapeza mnyamata mmodzi akupumabe. Ana 5 ndi mtsikana wa zaka 18 uja anali atamwalira. Kufikira lero imeneyi ndiyo ngozi yaikulu koposa m'mbiri ya okwera mapiri ku Britain.

Mmene cisanu cimaphera

Thupi la munthu limagwira nchito bwino pa madigiri 37. Likatsika pansi pa 35, munthu ali pa ngozi. Mphepo ndiyo imafulumizitsa zimenezi. Thupi limafunditsa mpweya wokhala pakati pa khungu ndi cobvala, ndipo mphepo imacotsa mpweya wofundawo mobwerezabwereza, monga momwe timauzira phala kuti lizizire msanga. Cobvala cikanyowa ndi thukuta kapena ndi cipale cosungunuka, kutentha kumathawa msanga koposa. Nsalu ya thonje ikanyowa imasunga madzi, nacotsa kutentha m'thupi, pamene ya ubweya imafunditsabe.

Munthu amayamba ndi kunjenjemera. Kenaka zala zimakana kumanga lamba kapena kutsegula cola, lilime limalemera, ndipo ayamba kupunthwa ngati woledzera. Cimene cimaopsa koposa ncakuti nzeru ndizo zimayamba kufooka, kotero wodwalayo sazindikira kuti wadwala. Akhoza kukwiya, kukana cakudya, kapena kupempha kuti amsiye agone pang'ono. Kunjenjemera kukaleka munthu akali pa cisanu, kumeneko si kucira, koma thupi latha mphamvu. Ena pamapeto amamva ngati atenthedwa nabvula zobvala. Ncifukwa cake m'phiri aliyense amayang'anira mnzake. Wozizidwa amamubisa ku mphepo, amamubvula zonyowa nkumubveka zouma, amamuyalira kanthu pansi, ndipo ngati akali maso amampatsa cakumwa cofunda ca shuga. Mowa sapatsidwa, cifukwa umatsegula mitsempha ya pa khungu nutaya kutentha kumene kwatsala.

Cisakasa cimene cinanyenga

Mu Febuluwale 1972 bwalo linakhala mumzinda wa Banff kufufuza za imfa zimenezi. Silinapeze munthu woti nkumuimba mlandu, koma linanena kuti makolo azifotokozeredwa bwino za maulendo otere, kuti mphamvu ndi kuzolowera kwa ana kuziyesedwa asananyamuke, ndi kuti akatswiri aweruze ngati nkwabwino kusunga zisakasa pamwamba pa mapiri. Panabuka mkangano waukulu. Ena anati kacisakasa ka Curran kanapulumutsa anthu 9 usiku uja. Ena anayankha kuti kakadapanda kukhalapo, atsogoleri akadabwerera msanga nyengo itangoyamba kuipa, m'malo mopitirira pa cidikha ali ndi ciyembekezo ca kanyumba kamene cipale cimatha kukakwirira. Mu 1975 kacisakasako kanagwetsedwa.

Pano tikumbuka nyumba ina ya m'mapiri imene ife Akatolika tiidziwa. Pa mpata wa Great St Bernard, pakati pa Switzerland ndi Italy, pa mamita 2,469, Bernardo Woyera anakhazikitsa nyumba ya alendo ca m'ma 1050, ndipo ansembe a cipani cake akali kulandira apaulendo kumeneko. Papa Pio XI, amene pa unyamata wake anali wokwera mapiri, anaika Bernardo kukhala nkhoswe ya okwera mapiri mu 1923. Nyumba ya Bernardo inapulumutsa anthu cifukwa munali moto, cakudya, ndi anthu amene anali kuturuka ndi agalu ao kukafuna osocera. Kacisakasa ka Curran kanali kopanda munthu, ndipo wofuna kupulumukiramo anayenera kuyamba wakapeza yekha mumdima ndi mumphepo.

Zimene okwera mapiri aphunzira

Lero woyenda m'mapiri a ku Scotland m'nyengo ya cisanu amayamba ulendo wake madzulo a dzulo lake, powerenga za nyengo ya pamwamba pa phiri, osati ya m'tauni. Kuyambira mu 1988 kuli bungwe lochedwa Scottish Avalanche Information Service, limene m'miyezi yozizira limalengeza tsiku ndi tsiku malo amene cipale cingagumuke. Mphepo imaunjika cipale kuseri kwa phiri, ndipo kumeneko cimakhala ngati cikombole cimene cingathetheke nkutsetsereka conse pamodzi munthu akacipondapo. Pa milomo ya maphompho mphepo imamanganso khonde la cipale lolenjekeka m'malere. Woyenda pamwamba amaliona ngati nthaka, koma pansi pake palibe kanthu.

Katundu wake ndi uyu. Nsapato zolimba, ndi zitsulo za mano zomangira kunsi kwake kuti asaterereke pa madzi oundana. Cida cofanana ndi kasemasema, ca mpini wautali ndi msonga wakuthwa, cimene amacibaya pansi akagwa kuti aime. Zobvala zingapo zosanjikiza, ca pamwamba cosalowa mphepo kapena madzi. Magolovesi oposa peyala imodzi, cifukwa mphepo imalanda. Magalasi ochinga maso, tochi ya pamphumi, cakudya cokwanira, mapu a pepala ndi kampasi. Foni imathandiza, koma batire yake imatha msanga pa cisanu. Iye amaphunzira kuwerenga mapazi ake kuti adziwe mtunda umene wayenda ngakhale asakuona kanthu. Amasiya mau kunyumba a njira imene adzere ndi nthawi imene abwere. Ngozi ikagwa amaimba 999, napempha apolisi, nachula kuti afuna opulumutsa a m'mapiri. Opulumutsawo ambiri ndi anthu wamba odzipereka, osalipidwa, amene amasiya mabanja ao usiku kukafuna mlendo wosamudziwa.

Koma luso lalikulu koposa zida zonse ndi kubwerera. Wozolowera amaika nthawi asananyamuke, nati ikakwana iyi tibwerera, kaya tafika pa nsonga kaya sitinafike. Amayesanso ulendo ndi miyendo ya wofooka koposa m'gulu. Akuluakulu athu anati kuthamanga si kufika, ndipo anthu a ku Scotland anaphunzira mau omwewa pa maliro a ana ao.

Kwa makolo ndi aphunzitsi

Sitinalembe izi kuti tiweruze atsogoleri aja. Anali acinyamata okonda ana, ndipo mmodzi wa iwo anakwawa ndi manja oundana kuti awapulumutse. Cimene tiona ncakuti zolakwa zazing'ono zinalumikizana: kunyamuka mocedwa, kugawa gulu, kupitirira nyengo itaipa, ndi kudalira pothawira posaoneka. Ciliconse pacokha sicikadapha munthu.

Inu amene muli ndi mwana ku Britain, mukamva kuti akonza zokwera phiri pakati pa Novembala ndi Epulo, musacite manyazi kumufunsa. Atsogolera ndani, ndipo anaphunzira kuti? Mwawerenga za mphepo? Mubwerera nthawi yanji? Adziwa ndani kumene mwapita? Safunsa anadya phula. Ndipo ife tomwe, pamene titenga ana a eni kupita nao pa ulendo wa sukulu kapena wa gulu la acinyamata, kaya ndi kuphiri kaya ndi kuoloka mtsinje m'dzinja, mafunso ndi omwewa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mtsogoleri amene wabweza gulu lake pakati pa njira akhoza kusekedwa madzulo amenewo, koma makolo onse adzawerenga ana ao pa cakudya ca usiku nkupeza kuti akwanira.