TIKITI YOCHIPA YA NDEKE SILONJEZA MPANDO

Anthu a ku Kabwe si alendo pa nkhani ya maulendo ochipa. Njanji inafika pa Broken Hill m'caka ca 1906, ndipo kufikira lero likulu la Zambia Railways lili m'tauni imeneyi. Madoda amene anapuma pa nchito ya njanji amakumbukira pasi imene anali kulandira pa nthawi ya chuti, kuti akwere sitima pamodzi ndi mkazi ndi ana.

Masiku ano kuli pasi ya mtundu wina. Banja la ku Highridge limene mwana wake analowa nchito ku kampani ya ndeke lingathe kulandira uthenga wakuti amai kapena atate akonzeke, apite ku London kukaona adzukulu. Makampani ambiri amalola wanchito, mkazi kapena mwamuna wake, ana ndi makolo kukwera pa mtengo wotsika. Tikiti ina imachedwa ID90, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti munthu amalipira gawo limodzi cabe mwa magawo khumi a mtengo wonse, kuonjezapo misonkho ya pa bwalo la ndeke.

Koma kholo limene linazolowera pasi ya sitima liyenera kumvetsa kusiyana kwake. M'sitima munthu akasowa pokhala amaimirira, nafika ndithu. M'ndeke mulibe coimirira. Mwini tikiti yochipa amadikira pa khomo kufikira onse olipira mtengo wathunthu atalowa, ndipo amaitanidwa pokhapo ngati mpando watsala. Pakati pa odikirawo palinso mzere wake. Kawirikawiri anchito a kampani yomweyo amatsogola, makamaka amene agwira zaka zambiri, ndipo makolo ndi anchito a makampani ena amabwera pambuyo. Wotsalira sapatsidwa cipinda cogona kapena cakudya, pakuti kampani sinamulonjeze kanthu.

Kale ulendo wa ku Ulaya unali wa ndeke imodzi. Zambia Airways yoyamba inali kunyamuka pa Lusaka kupita ku London, ndipo m'caka ca 1984 inalandira ndeke yaikulu ya DC-10 yochedwa Nkwazi. Kampaniyo inatsekedwa mu December 1994, caka comweco cimene mgodi wa Kabwe unatsekedwa, ndipo British Airways nayonso inaleka kubwera ku Lusaka mu 2013. Zambia Airways yatsopano, imene inayamba kuuluka mu December 2021 mogwirizana ndi Ethiopian Airlines, inayambira ndi maulendo afupi. Cotero wopita kutali amasintha ndeke pa Addis Ababa, Nairobi, Dubai, Doha kapena Johannesburg, ndipo pa malo alionse osinthira mzere uja umayambanso. Kupeza mpando pa Lusaka ndi theka cabe la nkhondo. Gogo angathe kunyamuka bwino lomwe pa bwalo la Kenneth Kaunda, koma n'kugona masiku awiri pa benchi m'dziko la eni, kumene ngakhale madzi akumwa afuna ndalama yacilendo.

Palinso cinthu cimene cimadabwitsa ambiri. Nthawi zina ndeke imanyamuka ndi mipando yopanda anthu pamene odikira ali cikhalire pa khomo. Si nkhanza ai. Mzinda wa Addis Ababa uli pamwamba pa mapiri, mamita oposa 2,300, ndipo mpweya wa kumeneko ndi wopepuka, kotero kuti ndeke yodzala mafuta ndi katundu singathe kunyamula kulemera konse. Oyamba kusiyidwa ndi a tikiti yochipa.

Safunsa anadya phula. Mwana wogwira nchitoyo ali ndi njira yoonera pa kompyuta ngati ndeke ya tsikulo yadzala, ndipo ayenera kusankhiratu njira ziwiri kapena zitatu, kuti ya Addis Ababa ikakanika kholo lidzere ku Nairobi. Pasipoti ikhale ndi miyezi yosacepera isanu ndi umodzi isanathe. Mzika ya Zambia ifunika viza kuti ilowe mu Britain, ndipo viza imalipiridwa mtengo wathunthu, wanchito wa ndeke kapena ai. Mankhwala a shuga kapena a BP asaikidwe m'sutikesi yaikulu, cifukwa sutikesi ingathe kupita yokha mwini wake atatsala. M'thumba mukhale ndalama ya masiku atatu osayembekezeka, ndipo banja lanzeru limasunganso yogulira tikiti yathunthu yobwerera ngati masiku a viza ayandikira kutha.

Tikitiyi imanyamulanso dzina la mwana. Kholo likavala mosasamala, likaledzera kapena likakalipira anchito a pa khomo cifukwa cosowa mpando, mlandu umagwera mwanayo, ndipo angathe kulandidwa mwai umenewu. Kugulitsa tikiti yotere kwa mnansi ndi mlandu wocotsetsa munthu nchito, ngakhale mnansiyo ndi wa mpingo umodzi.

Cacikulu pa zonse ndi kusankha mwezi. Mabanja ambiri amakhumba December, kuti Khirisimasi akadyere pamodzi. Imeneyo ndiyo nthawi imene ndeke zimadzala kotheratu, monganso July ndi August pamene masukulu a ku Ulaya ali pa chuti. Kwa kholo limene lacokera kumudzi, kaya ku Katete kapena ku Petauke, n'kudzayembekezera ulendo kwa abale ku Highridge, December ali ndi vuto lina. Sabata imodzi yotaika pa bwalo la ndeke ndi sabata imene udzu ukukula m'cimanga. Mlimi amapeza mpata wabwino kumapeto kwa September ndi mu October, cimanga cili m'nkhokwe, ana a ku Ulaya atabwerera ku sukulu, mvula isanagwe.

Pa tsiku lobwerera, a ku Highridge asathamangire kupha nkhuku kapena kulipira galimoto yopita ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 140. Adikire foni yakuti gogo wakhala pa mpando m'ndeke yotsiriza.