Khonde Labwino M'dera la Mphepo ndi Chisanu

M'nyumba zambiri za ku Chitipa, khonde ndi pomwe pamachitikira zambiri. Alendo amalandiridwa pamenepo, amayi amasankhirapo nyemba, ana amalemberapo ntchito ya kusukulu. Komabe pomanga nyumba, khonde timaliganizira pomalizira, ndipo kawirikawiri limasanduka mosungira makasu ndi matumba.

Boma la Chitipa, lomwe kale linkatchedwa Fort Hill, lili pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere. N'chifukwa chake m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri, makamaka ku Misuku ndi kufupi ndi mapiri a Mafinga. Mphepo ya mwera imawomba kuchokera kummwera chakum'mawa, pamene dzuwa la miyezi imeneyi limadutsa chakumpoto. Choncho khonde loyang'ana kumpoto limalandira dzuwa nthawi yachisanu, ndipo nyumba yeniyeniyo imalitchinga ku mphepo. Loyang'ana kumadzulo limatentha masana m'mwezi wa Okutobala. Ngati nyumba yanu inamangidwa kale, tchingani mbali ya mphepo ndi mpanda wa bango kapena nsungwi, ndipo dzalani magalagadeya kuti ayange pamenepo. Mudzapeza mthunzi ndi zipatso zomwe. Onaninso kuti malata a khonde akhomedwa bwino ndi kumangidwa ndi waya, pakuti mphepo ikafuna kusasula denga imayambira pakhonde.

Kuwotha dzuwa la m'mawa kumathandiza thupi kupanga vitamini D, yemwe amalimbitsa mafupa. Agogo amene sayendayenda amapindula kwambiri. Apezereni mpando wotsamira, wosatsika kwambiri, chifukwa mpando wa ndalema ndi wovuta kudzukapo kwa munthu wa mawondo opweteka. Masitepe asakhale aatali, ndipo simenti isasalazidwe mpaka kuterera ikanyowa.

Mipando siifunika ndalama zambiri. Benchi la matabwa, mipando ya nsungwi ndi mphasa ziwiri n'zokwanira banja. Nsungwi zikhale zokhwima, zodulidwa nyengo yopanda mvula, kuti zisafumbwe msanga. Miyendo ya mipando yamatabwa isagunde dothi, kuopa chiswe. Mipando yapulasitiki imathetheka ikakhalitsa padzuwa, choncho ibwezereni pamthunzi. Pomwe palibe simenti, khonde lozira bwino ndi dothi, khoma lake lopakidwa njereza kapena dothi lamitundu, limaoneka laudongo koposa la simenti losasesedwa.

Maluwa amakongoletsa, koma pamafunika kusamala. Boolani pansi pa chitini kapena mphika uliwonse wodzalamo maluwa kuti madzi asadikhe. Kwirirani maenje omwe munaumbamo njerwa, ndipo lambulani ngalande pomwe pamagwera madzi a padenga, chifukwa udzudzu wofalitsa malungo umaswana m'zithaphwi zotere nyengo ya dzinja. Udzudzu umenewu umaluma kuyambira madzulo mpaka m'bandakucha. Banja likamacheza kapena kupemphera pakhonde dzuwa litalowa, ana avale zovala zofika m'manja ndi m'miyendo, ndipo akayamba kuodzera akagonekeni m'neti, osati pamphasa panja. Amayi oyembekezera asamalidwe chimodzimodzi.

Mbaula ndi bwenzi la usiku wa Julayi, koma malo ake ndi pakhonde pomwe mpweya ukudutsa. Makala oyaka amatulutsa mpweya wapoizoni wosaoneka ndiponso wosanunkha, umene umapha anthu ali m'tulo. Musalowe nayo m'chipinda chotseka, ngakhale moto utaoneka ngati wazilala. Iikeninso kutali ndi mphasa ndi mwana wokwawa.

Pomaliza, ikani mpondagiya ndi sopo pafupi ndi khonde kuti aliyense asambe m'manja asanadye, ndipo nkhuku zisazolowere kukwera pomwe ana amakhala. Yambani sabata ino ndi chimodzi: chotsani katundu yense amene wadzaza pakhonde, sesani, yalani mphasa, ndipo itanani banja lidzadyere pamodzi pamenepo.