ANA ADZIWE CINGELEZI MWA KUCILANKHULA
Wolemba Mtolankhani Wathu

Makolo ambiri m'midzi ali ndi dandaulo limodzi. Mwana wapita kusukulu zaka zisanu, makope ace ndi odzaza ndi Cingelezi, koma akapatsidwa pepala la malangizo a mankhwala a mbeu kuti amasulire, angoti kakasi. Mlendo akamufunsa funso m'Cizungu, iye ayang'ana pansi. Kawirikawiri cavuta si mutu wa mwanayo ai, koma njira imene anaphunzirira malamulo a cineneroco, amene aphunzitsi amati galamala.

Lamulo la maphunziro la 1966 linakhazikitsa Cingelezi kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira m'Giredi 1. Amene anaphunzira ndi mabuku a Zambia Primary Course akumbukira bwino: mphunzitsi anali kunena mau, ana onse ndi kubwereza pamodzi kambirimbiri. Njirayo inathandiza lilime kuzolowera, koma mwana anali kutha kunena ciganizo colongosoka osadziwa kuti angacigwiritse nchito poti.

M'zaka za m'ma 1970 akatswiri a zinenero, monga David Wilkins wa ku Britain amene anatulutsa buku la Notional Syllabuses mu 1976, anayamba kulimbikitsa ganizo lina. Iwo anaona kuti munthu amagwira lamulo la cinenero msanga ngati alifuna kuti anene cinthu cenicenico kwa mnzace. Kuno kwathu ndondomeko zasintha kangapo. Mu 2014 zinenero zathu zinayamba kugwiritsidwa nchito pophunzitsa kuyambira Giredi 1 mpaka 4, ndipo mu 2025 ndondomeko yatsopano inabwezera Cingelezi m'makalasi oyamba. Koma funso la kaphunzitsidwe likali lomwelo.

Tiyerekeze kuti mphunzitsi afuna kuphunzitsa za nthawi yakale. M'malo moyamba ndi kulemba lamulo pabolodi, iye afotokoza zimene anacita dzulo: "I went to the garden. I watered the rape." Ndipo ana akhala awiriawiri nafunsana, "What did you do yesterday?" Wina anakadyetsa mbuzi, wina anakatunga madzi, wina anaperekeza agogo kucigayo. Aliyense auza kalasi zimene mnzace wanena, motero ayenera kumvetsera. Pambuyo pace mphunzitsi alemba ziganizo zao pabolodi nawafunsa cimene aona. Ana okha azindikira kuti aneni ambiri atenga "-ed" kumapeto, koma ena monga "go" ndi "eat" asanduka "went" ndi "ate". Lamulo lodzipezera okha silicoka msanga m'mutu.

Vuto lina lodziwika ndi la "he" ndi "she". M'Cinyanja timati "iye" kwa mwamuna ndi kwa mkazi yemwe, cotero mwana amasokoneza mau awiriwa ngakhale analoweza lamulo lace. Apa mphunzitsi acititsa masewera a ndagi: mwana mmodzi afotokoza mnzace wa m'kalasi osamuchula dzina, kuti "She is tall. She sits near the door," ndipo ena alote kuti ndani. Akasokoneza mauwo, anzace aloza munthu wolakwika, ndipo iye aona yekha kuti kamau kakang'onoko kali ndi nchito.

Msika nawo ulowa m'kalasi. Cingelezi cimasiyanitsa zinthu zowerengeka, monga mazira ndi matimati, ndi zosawerengeka, monga mcere, ufa ndi mafuta. Zoyambazo zifuna "how many", zinazo "how much". Ana aika timiyala ndi zitini pa thebulo, zitsekerero za mabotolo zikhala ndalama, wina agulitsa ndipo wina agula. Mwinanso ana awiri apatsidwa mapepala a mitengo ya zinthu, koma pepala lililonse lisowa mitengo ina imene ili kwa mnzace. Kuti adzaze pepala lace, mwana alibe kucitira mwina koma kufunsa.

Nanga zolakwa? Mwana akati "I goed to church," mphunzitsi wanzeru samudula pakamwa kapena kumucititsa manyazi. Ayankha cabe kuti, "Oh, you went to church? Who went with you?" Mwana amva mau oyenera ndipo nkhani ipitirira. Zolakwa zimene zamveka kwa ana ambiri mphunzitsi azisunga, nazikonza pabolodi phunziro likamatha popanda kuchula amene analakwa. Kulemba kubwera potsiriza, pakuti mayeso a Examinations Council of Zambia ndi olemba, ndipo galamala ifunikabe.

Njirazi zili ndi zovuta zace. Cikhazikitsire maphunziro aulere mu 2022 ana aculuka m'makalasi, ndipo mabuku m'masukulu ambiri a kumidzi ndi ocepa. Komabe mwana aliyense apeza mpata wolankhula pamene ana agawidwa m'magulu, kusiyana ndi pamene onse adikira kuyankha mphunzitsi mmodzimmodzi. Mutu umodzi susenza denga. Ndiponso zipangizo zace ndi za pamudzi pomwe.

Tsono inu makolo, mukamapita pafupi ndi sukulu ndi kumva phokoso la ana akukambirana, musafulumire kunena kuti aphunzitsi alekerera ana. Funsani mwana madzulo kuti anakamba zotani m'Cizungu, ndipo akuuzeni tanthauzo lace m'Cinyanja. Mupatseni thumba la feteleza kapena khadi la kusikelo kuti ayese kuwerenga. Akalakwitsa, akulu ace asamuseke, cifukwa mwana wosekedwa atseka pakamwa. Musaleke kumusimbira nthano m'cinenero canu, pakuti mwana wodziwa kulongosola nkhani m'Cinyanja savutika kwambiri kuilongosola m'cinenero cina.

Cingelezi ndi cinenero ca boma m'dziko lathu, ca m'maofesi ndi ca mayeso. Mwana wa kumudzi ayenera kucidziwa monga wa m'tauni. Sicidzabwera tsiku limodzi, koma akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.