Diso la Kamera ya Agogo Linachira ndi Dzuŵa

Kwathu ku Kasungu chikasu ndi ndalama. Tsamba la fodya likasanduka lachikasu m'balani, mlimi amamwetulira. Koma chikasu chimene ndinachipeza m'diso la kamera ya malemu agogo anga pa tchuthi chapitachi chinandidetsa nkhaŵa.

Agogo anali katekisiti, ndipo kamerayo anapatsidwa ndi wansembe wina wachimishonale pobwerera kwawo. Ndi Asahi Pentax Spotmatic ya ku Japan, mtundu umene unayamba kugulitsidwa mu 1964, ndipo diso lake lalembedwa kuti Super-Takumar 50mm f/1.4. Makolo anga anali pafupi kukwanitsa zaka 25 m'banja, ndipo amayi anafunitsitsa kuti chithunzi cha pa Misa yothokoza chijambulidwe ndi diso lomwelo limene linajambula ukwati wawo. Nditasuzumiramo, khoma loyera linkaoneka ngati lathiridwa tiyi. Ndinalipukuta kangapo, osatheka.

Ndinaŵaimbira foni Bambo amene amatiphunzitsa sayansi. Anaseka nati, "Mwana wanga, leka kupukuta, litsirolo lili m'kati mwa galasi."

Nkhani yake ili motere, anzanga. Kuyambira m'zaka za m'ma 1940 mpaka m'ma 1970, opanga magalasi ena ankasakaniza mwala wotchedwa thorium m'galasi kuti lizikhotetsa kuŵala kwambiri popanda kumwaza mitundu. Kampani ya Kodak inachita zomwezo pa magalasi a Aero-Ektar, ojambulira pansi kuchokera m'ndege pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse. Tsono thorium amatulutsa cheza chosaoneka usana ndi usiku. Chezacho chimakankha ma elekitironi kuchoka m'malo mwawo, iwo n'kukakodwa m'timipata ta m'galasimo. Akakodwa choncho amameza kuŵala kobiriŵira ngati thambo, ndipo kotsalako n'kumene maso athu amakuona kwachikasu. Galasi limachitanso mdima pang'ono.

Mankhwala ake ndi cheza china chosaoneka, cha ultraviolet, chimene chimapatsa ma elekitironi aja mphamvu yoti awonjoke. Kumaiko ozizira anthu amagula nyale yapadera. Ife kuno dzuŵa tili nalo laulere.

Tsiku loyamba ndinachita zachibwana. Ndinachotsa diso pa kamera n'kuliimika pamphasa, pafupi ndi chigafa. Posakhalitsa mlongo wanga anamva fungo la utsi: galasi linali litasonkhanitsa dzuŵa pamalo amodzi, mphasa n'kuyamba kunyeka. Mu Ogasiti udzu wonse wauma gwa, mphepo nayo ili kuwomba. Mawu amene abambo anandiuza madzulo ake sindiŵalemba m'magazini ya seminale.

Kachitidwe koyenera ndi aka. Tsegulani chibowo choloŵera kuŵala mpaka pamapeto. Kutani diso lonse ndi pepala lonyezimira la aluminiyamu, kusiya poyera galasi lakumbuyo lokha, chifukwa mu Takumar thorium ali chakumbuyoko. Pepalalo limabweza kuŵala kuti kudutsenso m'galasi kachiŵiri, komanso limachepetsa kutentha. Kutentha kuopeni ndithu, poti girisi wa m'kati akasungunuka amayenderera mpaka pa timasamba totsekera kuŵala, ndipo timamatirira. N'chifukwa chake dzuŵa la Okutobala siliyenera. Ine ndinkaliika pa njerwa, kutali ndi udzu, kuyambira m'maŵa mpaka cha m'ma 11 koloko.

Sabata yoyamba sindinaone kusintha, ndipo ndinatsala pang'ono kutaya mtima. Pofika sabata yachitatu, nditaliika pamwamba pa pepala loyera, chikasu chinangotsala chapatalipatali.

Dziŵani kuti si chikasu chilichonse chimene chimamvera dzuŵa. Guluu wakale womatira magalasi akafiira, dzuŵa silithandiza. Ndiponso cheza cha thorium sichitha ayi: pamafunika zaka pafupifupi 14 biliyoni kuti theka lake lokha lithe, kotero chikasu chidzabweranso pang'onopang'ono. Pojambula chezacho n'chochepa, koma galasi lotere musaliphwanye kapena kulipala, fumbi lake lingaloŵe m'mapapo.

Filimu tinaisoŵa, choncho msuweni wanga anabwera ndi kamphete kolumikizira disolo ku kamera yake yamakono. Pa chithunzicho, mpango woyera wa amayi waoneka woyeradi.