MALUWA A PAKHOMO M'NYENGO YA CHILIMWE

Munthu akayenda m'Chinsapo mwezi wa Okutobala aona fumbi lokhalokha, koma pakhomo pena apeza maluwa ali psuu ngati kwagwa mvula. Ambiri ayesa kuti mwini khomo lotere ali ndi mpopi wakewake. Iyayi, si tero. Iye anangosankha mitengo yopirira dzuwa, ndipo sataya madzi.

Tonse tidziwa kuti kuno ku Lilongwe mvula ileka mu Epulo, ndipo siibweranso kufikira Novembala kapena Disembala. Madzi a m'mipopi achokera mu mtsinje wa Lilongwe, ku madamu a Kamuzu ku Malingunde, ndipo pa kiyosiki ndowa iliyonse njogula. Tsono mayi sangathirire maluwa ndi madzi amene ana ake akadamwa. Nanga achite chiyani?

Poyamba asankhe bwino chobzala. Bougainvillea, uja wa minga amene ayanga pa mipanda, kwao ndi ku South America, ndipo akagwira mizu safunanso madzi ambiri. Mukamthirira kopambana achulutsa masamba obiriwira, maluwa n'kuchepa. Zofiira zimene tiziona zija ndi masamba ndithu. Duwa lake lenileni ndi kakang'ono koyera kali pakati. Frangipani nayenso apirira, pakuti asunga madzi m'nthambi zake zonenepa. Dulani nthambi imodzi, muisiye pamthunzi sabata lathunthu kuti bala liume, ndipo muibzale. Mukaibzala yaiwisi iwola. Jacaranda, amene achita maluwa obiriwira mofiirira mu Seputembala ndi Okutobala, ndi mtengo waukulu: musaubzale pafupi ndi nyumba kapena chimbudzi.

Chachiwiri ndi madzi. Otsukira mpunga, ndiwo ndi mbatata asatayidwe pabwalo. Athireni pa tsinde la duwa madzulo dzuwa litapepa. Madzi a mchere kapena a mankhwala oyeretsera zovala aononga mizu. Phimbirani nthaka ndi udzu wouma kapena makoko a mtedza kuti chinyezi chikhalitse, koma zophimbirazo zisakhudze tsinde, kuopa chiswe. Amene muli m'nyumba za lendi bzalani m'zitini ndi m'ndowa zakutha, kuti posamuka munyamule. Boolani pansi pake, chifukwa madzi odikha aoletsa mizu, ndiponso ndimo muswana udzudzu.

Chachitatu, chenjerani, pakuti si chokongola chilichonse chili chabwino. Oleander, wa masamba aatali ndi maluwa ofiirira, ali ndi ululu m'masamba, m'maluwa ndi m'nthambi momwe. Mwana kapena mbuzi ikadya ikhoza kufa. Utomoni wa nkhadze ukalowa m'diso utentha koopsa: tsukani msanga ndi madzi ambiri, ndipo pitani kuchipatala. Lantana, amene mbalame zifalitsa njere zake, adwalitsa ng'ombe ndipo alanda malo a msipu. Mukampeza mzuleni.

Nyengo yabwino yobzala mitengo ya maluwa ndi pamene mvula yakhazikika, mu Disembala, kuti pofika chilimwe mizu ikhale itazama. Koma maenje akumbidwe tsopano, ndi kuthiramo manyowa owolerana.

Inu aphunzitsi, uzani ana kuti aliyense apemphe nthambi imodzi kwa mnansi ndi kuisamala m'chitini kusukulu. Ndipo muwasonyeze oleander ndi nkhadze kuti azizidziwa.